Kusaka ntchito yophunzitsa pa yunivesite: zomwe ndinakumana nazo m'njira, ndi moyo wa mnzanga ku Leeds

Achinyamata angapo amene akumaliza masters ndi PhD akhala akundilembera pa WhatsApp kufunsa mmene ndinapezera ntchito yophunzitsa pa yunivesite. Ambiri funso lawo lenileni limabwera kumapeto, mwamanyazi pang'ono: ndibwerere kumudzi kapena ndiyesere kunja? Sindingamusankhire munthu. Chomwe ndingathe ndi kufotokoza zomwe ndinadutsamo mu 2023 ndi 2024, nditamaliza PhD ya sayansi ya nthaka ku South Africa, komanso zomwe ndinaona ndi maso anga kunyumba kwa mnzanga yemwe tinaphunzira limodzi ku Bunda, amene tsopano amakhala ku England.

Ndiyambe ndi kwathu kuno. Malo ophunzitsira achuluka kusiyana ndi kale. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: Chanco ya ku Zomba inatsala ndi dzina la UNIMA, Poly inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Palinso LUANAR, Mzuni, MUST ya ku Thyolo, ndi mayunivesite a mipingo ndi ena omwe si aboma. Ntchito zimatsatsidwa ndithu. Chovuta ndi nthawi. Utha kutumiza kalata lero, kenako zii kwa miyezi mpaka kuiwala, tsiku lina foni n'kulira kuti mukufunika kuno sabata yamawa. Choncho mapepala anu azikhala m'fayilo imodzi nthawi zonse: satifiketi zenizeni osati zofotokopa zokha, ma transcript, chiphaso cha unzika, ndipo ngati digiri yanu ndi yakunja, kalata ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, yotsimikizira kuti ndi yovomerezeka. Kalata imeneyi yambani kuifuna mukangotsika ndege, musadikire kuitanidwa.

Ngati intaviyu ili kutali, kagoneni komweko. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu ndi makilomita oposa 350 pa M1, pakati pali chifunga cha ku Chikangawa, ndipo nthawi imeneyo mafuta ankasowa moti basi inkatha kutaya maola pa mzere wa dizilo. Ndalama ya chipinda chogona ndi yochepa poyerekeza ndi kulowa m'chipinda cha mafunso muli wefuwefu, malaya atamatirira kumsana.

Pa intaviyu ina m'dziko muno anatiuza kuti tikonze phunziro la mphindi 15, ngati tikuphunzitsa ana a chaka chachiwiri. Ndinasankha kufotokoza chifukwa chake munda womwe wakhala ukuthiridwa Urea chaka ndi chaka umayamba kukhala ndi asidi wambiri, ndi mmene laimu amathandizira. Ndili mkati, magetsi thi! Pulojekita inazima, m'chipinda munangoti zii. M'chikwama ndinali ndi mapepala osindikiza a zomwe ndimaonetsa, okwanira aliyense wokhala pagome. Ndinawagawa, n'kutenga choko, n'kupitiriza pabolodi. Patapita nthawi, pulofesa wina wachikulire yemwe anali pagomepo anandiuza kuti titatuluka anakambirana kwambiri za mphindi zimenezo, chifukwa ndi momwe kalasi yeniyeni imakhalira. Sindikizani mapepala anu, ndipo phunziro lanu mulidziwe pamtima.

Mafunso a kuno amazungulira pa zinthu zochepa. Mwasindikiza chiyani, ndipo m'magazini ati? Apa samalani, chifukwa magazini aja amene amangolandira ndalama n'kusindikiza chilichonse sabata yomweyo akudziwika tsopano, ndipo pepala limodzi lotere limadetsa CV yonse. Mungabweretse ndalama za kafukufuku? Kafukufuku wanuyu amuthandiza bwanji mlimi wa ku Ntchisi? Funso lomalizali ndimalikonda, ndipo amene amaliyankha ndi mawu akuluakulu a m'mabuku amaonekeratu. Kumapeto amakufunsani ngati muli ndi funso. Musanene kuti mulibe. Funsani kuti kalasi imakhala ndi ana angati, nthawi yokuyesani ndi yaitali bwanji, za nyumba zili pati, ndipo mu labu muli zida ziti zomwe zikugwiradi ntchito.

Za ku South Africa ndidutsa mwachangu. Ndinapita pa basi kudzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Park Station ku Johannesburg, ulendo womwe a Malawi ambiri amaudziwa ndi msana wawo. Kulowa kokacheza sikufuna viza kwa masiku 30, koma ntchito ndi nkhani ina. Pamafunika viza ya ntchito, digiri iliyonse yomwe simunaitengere kumeneko iyenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe lawo lounika mapepala a maphunziro, ndipo malamulo awo olembera anthu ntchito amatsogoza nzika. Anandikonda, koma chomwe anandipatsa ndi malo a postdoc (kafukufuku wa munthu amene wamaliza PhD) a chaka chimodzi. Ndalama yake ndi yooneka bwino chifukwa siidulidwa msonkho, koma sukhala wantchito weniweni: palibe penshoni, ndipo chaka chikatha umayambiranso kupempha. Ndili ndi banja, ndinathokoza n'kubwerako.

Ulendo wa ku England ndiwo unandiphunzitsa zambiri. Ntchito ndinaiona pa jobs.ac.uk, tsamba la pa intaneti lotsatsa ntchito za m'mayunivesite. Gawo loyamba linali la pa Teams, ndipo ndinakachitira mu ofesi ya mnzanga wina mu City Centre momwe muli jenereta ndi intaneti yodalirika, foni ili pambali ndi bandulo yokwanira ngati pangavute. Atandiitana kuti ndipite ndikaonekere, ndinalemba imelo kufunsa zinthu zitatu: kodi mubweza ndalama ya ndege, mpaka zingati, ndipo mungandilembere kalata yokapemphera viza? Safunsa anadya phula. Mayunivesite ena kumeneko amabweza ndalama ya ulendo wa mkati mwa dziko lawo lokha, ndipo mukapanda kufunsa mumadzazindikira tikiti mutagula kale. Yankho lawo likhale lolembedwa.

Ngakhale avomere, ndalama amabweza pambuyo, mutapereka malisiti, ndipo zimatenga masabata. Poyamba mumatulutsa zanu. Kwa ine izi zinagwa pa nthawi yoipa, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inali itangogwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 kubanki, ndipo madola enieniwo sankapezeka. Mtengo wa tikiti m'makwacha unalumpha usiku umodzi. Tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, tinagulitsa soya yemwe tinkasunga, mlamu wanga anatibwereka zotsala. Viza ya alendo imalola kukachita intaviyu. Amafuna kalata yokuitanani, ma statement a kubanki, ndi umboni woti muli ndi chokubwezani kwanu. Yankho limatenga pafupifupi masabata atatu, ndiye ngati tsiku lomwe akupatsani lili pafupi kwambiri, auzeni msanga. Ine anandisunthira popanda vuto.

Ndinakwera pa Kamuzu International Airport kumayambiriro kwa 2024, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Heathrow, kenako sitima kuchokera ku King's Cross kupita ku Leeds, ulendo wa maola awiri ndi mphindi zingapo. Tikiti ya sitima gulani pa intaneti nthawi ikadalipo, chifukwa yogula tsiku lomwelo imadula koopsa, ndipo ngati thumba lapepuka, basi ya National Express ndi yotsika mtengo ngakhale imachedwa. Intaviyu yanga inali mu mzinda wina wa kumpoto komweko, koma ndinafikira kwa mnzanga uja.

Anandichingamira pa siteshoni atanyamula chijekete chachikulu. Atangondiona anaseka n'kunena kuti, “Achimwene, vulani imeneyo, ndi ya ku Dedza. Valani iyi.” Tinakumbatirana nthawi yaitali. Imvi zinali zitamuyamba m'mbali, ndipo nkhope yake inali ya munthu wosagona mokwanira. Nthawi inali isanakwane 5 koloko madzulo koma kunja kunali kutada kale.

Amakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, yomatana ndi zinzake mumzere wautali wa njerwa zofiira. Nditatsegula sutikesi, alamu, akazi a mnzangayo, anafuula ngati mwana. Ndinali nditatenga mpunga wa Kilombero, usipa, chiponde, Nali ndi masamba a tiyi a Chombe. Nyama ndi za mkaka saloleza kulowa nazo, choncho musayese n'komwe. Alamu ananunkhiza usipa uja uli m'pepala, misozi ili lengelenge, kenako anauthira m'poto nthawi yomweyo ndi tomato ndi anyezi. Ufa amagula m'masitolo a zakudya za ku Africa ndi ku Asia, ndipo nsima yake ndi yoyera bwino koma siifika pa ya ufa wa kuchigayo. Tinadya ndi manja pa katebulo ka m'khitchini. Ana awiri anandipatsa moni wa Chichewa womwe anawaloweza, “Muli bwanji ankolo,” koma nditayankha n'kuwafunsa za sukulu, anatembenukira kwa bambo awo kuti awamasulire. Mnzanga anangoyang'ana m'mbale.

Titangomaliza kudya, alamu anavala yunifolomu. Kumudzi anali mphunzitsi wa sekondale. Kumeneko amagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwamwetsa mankhwala. Amalowa 8 koloko usiku n'kuweruka 8 koloko m'mawa. Anasankha usiku dala, chifukwa kusiya mwana kumalo olerera ana kumadya pafupifupi malipiro onse, ndipo kulibe azakhali kapena mtsikana wa kumudzi woti n'kuthandiza. Ndiye m'mawa mwamuna akuperekeza ana kusukulu, mkazi akulowa kukagona. Amakumana pakhomo. Alamu sadandaula za ntchitoyo, amati okalamba ena amawakumbutsa agogo awo, koma anandiuza ali chilili akumanga nsapato kuti, “Alamu, choko ndimachisowa.”

Usiku umenewo tinakhala awiri m'khitchini, hita itazimitsidwa chifukwa gasi ndi wodula, aliyense atafunda bulangete. Ndi pamene anandiuza zomwe sanandiuzepo pa foni zaka zonsezi. Ife kumudzi tinkangodziwa kuti amagwira ntchito pa yunivesite ku UK, basi, ndipo tinkaona zithunzi za pa Facebook atayima pa chipale chofewa. Zoona zake n'zakuti chimalizireni PhD wakhala akudumpha kuchoka pa kontrakiti ina kupita pa ina, iliyonse ya chaka chimodzi kapena ziwiri, yomangiriridwa ku ndalama za kafukufuku wa pulofesa wina. Ndalamazo zikatha, ntchito yatha.

“Achimwene,” anatero, “mawa akakakupatsani pepala lililonse, musayambe n'kuyang'ana malipiro. Yang'anani ngati alemba permanent kapena fixed term. Moyo wanu wonse kuno uli pamenepo.”

Anandifotokozera chifukwa chake. Viza ya Skilled Worker imamangiriridwa kwa amene wakulemba ntchito, ndipo kutalika kwake kumatsatira kontrakiti. Ntchito ikatha nthawi isanakwane, Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, imadziwitsidwa, ndipo kawirikawiri umapatsidwa masiku 60 kuti upeze wina wokulemba kapena uchoke. Viza za mkazi ndi ana zimapachikika pa yako. Nthawi iliyonse yokonzanso viza pamakhala ndalama ya viza yeniyeniyo, kuphatikizapo ya zaumoyo yomwe umalipiriratu ya zaka zonse. Mu Febuluwale 2024 ya zaumoyoyi inakwera kuchoka pa £624 kufika pa £1,035 pa chaka kwa wamkulu, ndi £776 kwa mwana. Banja ngati lake, akuluakulu awiri ndi ana awiri, ndiye kuti £3,622 pa chaka, asanayambe kuwerengera lendi, msonkho wa nyumba wa kukhonsolo (council tax), gasi ndi magetsi. Mayunivesite ena amabwezera wantchito wawo gawo lake, koma la banja nthawi zambiri ndi lako. Anatulutsa kabuku komwe amalembamo ndalama, n'kundionetsa tsamba lomwe pamwamba analembapo kuti “viza”. Mwezi uliwonse amaikapo kena kake asanagule china chilichonse.

Ndipo foni yake siipuma. Fizi ya mwana wa mchemwali wake, feteleza wa kumunda, malata a nyumba ya amalume. Amatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi, ndipo mwezi womwe wachepetsa, kumudzi amati wayamba kunyada. Ndikupempha ife otsala kuno: tisamawerengere mapaundi a m'bale wathu m'makwacha. Tikachulukitsa timaona mamiliyoni, koma iye lendi salipira m'makwacha.

Chomwe chinamuswa mtima ndi maliro a mayi ake ku Ntcheu. Anamwalira pamene pasipoti ndi viza yake zinali mkati mokonzedwanso, ndipo ukatuluka m'dzikomo pempho lako lisanayankhidwe, limatengedwa ngati walichotsa. Anatsala. Mwambo wonse anauonera pa foni, mphwake atagwira kamera kumanda, netiweki ikudukaduka. Anati anamva azimayi a Mvano akuimba, chithunzi n'kuima, ndipo pobwerera anali atayamba kale kukwirira. Ponena izi sanalire, anangokhala chete nthawi yaitali akupotokola kapu m'manja. A Malawi anzake a m'mizinda yoyandikana anabwera kunyumbako madzulo ake ndi ndiwo ndi nyimbo, anakhala naye mpaka usiku. Gulu lomweli ndi lomwe limasonkherana pa WhatsApp wina akamwalira kumeneko kuti thupi lipite kumudzi, ndipo ndi lomwe limakumana pa chikondwerero cha 6 Julayi. Mukapita kunja, anthu amenewa afunefuneni sabata yoyamba.

Ndisaname, zabwino ziliko, ndipo iye amaziyamikira. Anandilowetsa mu labu yawo. Dothi lomwe kuno timadikira miyezi kuti mankhwala oyezera afike, kumeneko makina amaliyeza tsiku limodzi. Pepala lililonse la kafukufuku lomwe akufuna amalitsegula pa kompyuta osalipira. Malipiro amalowa tsiku lake. Ana amaphunzira ulere m'kalasi ya ana pafupifupi 30, ndipo wamng'ono yemwe ali ndi mphumu amalandira mankhwala osavutika. Nditamufunsa ngati amanong'oneza bondo, anati masiku ena inde, masiku ena ayi. Ndinamukhulupirira.

Tsiku la intaviyu linali losiyana ndi zathu. Tonse opikisana anatisonkhanitsa m'chipinda chimodzi, tinamwa khofi limodzi, ndipo mmodzi mwa ife ankadziwa kale komwe kuli makapu, chifukwa ankagwira ntchito m'dipatimenti momwemo. M'mawa aliyense analankhula za kafukufuku wake pamaso pa aphunzitsi a dipatimenti yonse, ndipo mphindi zikakwana amakudula ngakhale uli pakati pa chiganizo. Masana kunali nkhomaliro, yomwe amati si mbali ya mayeso, koma anthu omwe mukudya nawowo amafunsidwa maganizo. Kenako gome la mafunso. Kumeneko safuna maudindo anu kapena kudzichepetsa kwathu kwa Chimalawi koti “ndinangothandizako pang'ono”. Amafuna chitsanzo: tiuzeni nthawi yomwe wophunzira wanu ankalephera, munachita chiyani, zinatha bwanji? Konzani nkhani zenizeni zingapo, za kuphunzitsa, za kusamvana ndi mnzanu wa ntchito, za kafukufuku yemwe anasokonekera. Ndipo pomwe munachita ndinu, nenani kuti “ndinachita”. Ife tinaleredwa kunena kuti “tinachita”, koma iwo akamva choncho amaganiza kuti ntchitoyo anagwira ndi wina.

Itafika nthawi yanga yofunsa, ndinafunsa za mnzanga zija. Anayankha mosabisa kuti ntchitoyo ndi ya zaka ziwiri, yolowa m'malo mwa mphunzitsi yemwe wapita kukachita kafukufuku, ndipo sangalonjeze za kutsogolo. Nthawi imeneyo mayunivesite ambiri a ku UK anali atayamba kulira ndalama. Kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri a masters ochokera kunja analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, chiwerengero chawo chinatsika, ndipo fizi yawo ndi yomwe imayendetsa madipatimenti ambiri. Mu Epulo chaka chomwecho malipiro ochepetsetsa oyenereza munthu viza ya ntchito anakwezedwa kufika pa £38,700, ngakhale pali kuchotsera kwa ena monga omwe ali ndi PhD. Malamulowa amasintha pafupipafupi, choncho werengani pa gov.uk nokha tsiku lomwe mukufunsira, musadalire za m'magulu a WhatsApp.

Foni inabwera mawa lake ndili m'sitima. Anatenga wa m'dipatimenti uja. Zinandipweteka, makamaka ndikaganiza za soya uja ndi ngongole ya mlamu wanga. Komabe ndinalemba imelo kuthokoza ndi kupempha kuti andiuze pomwe ndinaperewera, ndipo wapampando anandiyankha bwinobwino: phunziro langa linali labwino, koma ndinalibe Fellowship ya Advance HE, yomwe ndi umboni wa luso lophunzitsa womwe amaulemekeza kumeneko, komanso ndinali ndisanapatepo ndalama za kafukufuku m'dzina langa. Ngati mukulinga kumeneko, ziwirizi yambani kuzisaka pano, ngakhale kathumba kakang'ono ka kafukufuku bola dzina lotsogolera likhale lanu. Ndalama ya ndege anabwezadi monga analembera.

Patapita miyezi, yunivesite ina ya kuno inandiitana, ndipo ndi komwe ndili. Kalasi yanga ya chaka choyamba ndi yaikulu moti akumbuyo amaima, malipiro amatha mwezi usanathe, ndipo makina ena mu labu akhala akudikira kachitsulo kamodzi chiyambireni ntchito. Izinso muzidziwe musanasankhe kubwerera. Koma kontrakiti yanga ilibe tsiku lothera, ndipo Loweruka ndimakwera galimoto kukaona bambo anga.

Ine ndi mnzanga tinalembera limodzi pempho la ndalama za kafukufuku wa asidi m'minda ya chimanga ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ine ndi ophunzira anga tizikatenga dothi, iye aziliyeza kumeneko, ndipo m'pempholo tinaikamo kuti azibwera kuno chaka chilichonse. Kontrakiti yake yatsala miyezi yochepa. Akufunsira ku Scotland, ku Netherlands ndi ku Nairobi, ndipo sabata yatha ndinamutumizira ntchito ina yomwe yatsatsidwa kuno. Sanandiyankhe ngati afunsira. Alamu akufuna kubwerera, ana sakufuna, ndipo iye akuti adikire kaye yankho la pempho lathu, lomwe tikuliyembekezera chaka chisanathe.